MAU KWA ANA ATHU OLOWA KU KOLEJI

Mafumu ndi abale a Bungwe lathu la ku Mlanje,

Tikumbuke kuti pamene Blantyre Secondary School inatsegulidwa m'caka ca 1940, yunivesite munalibe m'dziko muno. Mnyamata wofuna kupitirira anayenera kunka kutali, ku Makerere kapena ku Fort Hare. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1965, ndipo ya MUST, kwa anansi athu a ku Thyolo, m'caka ca 2014. Njira yafupika tsopano, koma ambiri akhoza kugwa ali pakhomo.

Cifukwa cace tiwauze ana athu motere: ku koleji kulibe belu lokudzutsani, kapena mphunzitsi wolondola wojomba. Dzisungireni nthawi nokha. Ndalama zimene Boma likupatsani ndizo ngongole, mudzabweza ndithu. Musazithere pa mowa ndi zobvala.

Ifenso makolo tisapemphe ndalamazo kuti tigulire feteleza, ndipo tisaitane mwana pa maliro ali onse m'nyengo ya mayeso. Mai wothyola tiyi m'mame kuti mwana wace aphunzire asataye thukuta lace cabe.

Tipempha mafumu alengeze mau awa m'midzi mwao ana asananyamuke.