Mawu a Mulungu asakhale ngati ndalama ya fodya

Mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi, amaidziwa bwino kalendala ya thumba lake. Ndalama imabwera kamodzi pachaka, mabelo akagulidwa kumsika wa ku Mzuzu. Nyengo imeneyo pa Rumphi boma pamakhala piringupiringu, anthu kugula malata, njinga ndi zovala. Koma pofika Januwale ndi Febuluwale, makomo ena amakhala akukokota ufa pansi pa thumba, mwinanso atagwada kale kwa akatapila.

Chodandaulitsa n'chakuti akhristu ambiri atengera kalendala yomweyi pa moyo wawo wauzimu. Baibulo limatuluka m'sutikesi pa Khirisimasi, pa Pasaka, pamaliro kapena pamsonkhano wa chitsitsimutso. Likabwereramo, munthu amayembekeza kuti zimene wamvazo zimusunga chaka chonse. Mtima sudya choncho.

Nkhani ya mana pa Eksodo 16 ikunena zomwezi. Kwa zaka 40 Aisraeli m'chipululu ankatola mana m'mawa uliwonse, aliyense muyeso wa tsiku limodzi. Amene anabisako kuti adye mawa anapeza atachita mphutsi ndi kununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene ankatola miyeso iwiri, kaamba ka Sabata. Naye Yesu, pophunzitsa pemphero pa Mateyu 6, anati anthu azipempha chakudya cha tsikulo, osati cha chaka.

Ena anganene kuti chiphunzitso chotere chimalimbikitsa ulesi. Ayi ndithu. Mana sankagwera m'kamwa. Munthu ankayenera kulawirira, chifukwa dzuwa likatentha ankasungunuka. Yosefe nayenso anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri ku Ejipito ndipo anapulumutsa mitundu. Choncho kumanga nkhokwe n'kwabwino, kulowa banki m'khonde n'kwanzeru. Koma nkhokwe si Mulungu. Nankafumbwe amalowamo, matalala amang'amba fodya m'munda, mitengo imagwa pamsika, ndipo amene anaona njala ya 2002 akudziwa kuti munthu angathe kukhala ndi ndalama m'manja chimanga osachipeza.

Boma la Rumphi lili ndi umboni wake wa phindu la Mawu okhala mumtima. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, ndege inaponya uthenga pa mishoni ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws anaikhazikitsa pa Khondowe mu 1894. Uthengawo unafunsa ngati azungu a pamishonipo akufuna kusamutsidwa poopa kuphedwa. Iwo anasankha kukhala limodzi ndi abale awo achikuda, ndipo pabwalo panayalidwa zilembo zikuluzikulu zooneka kuchokera m'mwamba, zotchula Aefeso 2:14. Vesilo limanena za Khristu amene anagumula khoma lolekanitsa anthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Anthu aja analibe nthawi yoitanitsa msonkhano wa chitsitsimutso. Vesi loyenera pa ola lotere limabwera kwa amene anazolowera kutsegula bukulo zinthu zili bwino.

Lero chodzikhululukira n'chochepa. Buku Lopatulika la Chinyanja lakhalapo kuyambira 1922, Baibulo lathunthu la Chitumbuka kuyambira 1957, ndipo masiku ano ena amaliwerenga pafoni. Ndime imodzi m'mawa, anthu asanapite kumunda kapena kukatsegula okala, siitenga nthawi yoposa yowiritsira madzi a tiyi. Pakhomo pamene agogo maso anachita chidima, mdzukulu wa kupulayimale angathe kuwawerengera, onse n'kudya limodzi. Paja mmera mpoyamba.

Ndime yomwe munthu anaiwerenga ali mnyamata imamveka mwina akaiwerenga ali ndi ngongole ya feteleza, ndipo imamvekanso mwina ali pachipatala ndi mwana wodwala. N'chifukwa chake kunena kuti Baibulo analimaliza kale n'chimodzimodzi kukana nsima ya lero chifukwa dzulo anadya.

Palibe mayi amene amaphika nsima ya mwezi wathunthu tsiku limodzi. Amakoleza moto tsiku ndi tsiku, ufa uchuluke kapena uchepe. Banja limene limachita chimodzimodzi ndi Mawu a Mulungu silithawidwa ndi mavuto, koma Febuluwale akafika, silikhala ndi njala ziwiri.