Kompyuta imodzi, oyendetsa ndege atatu

Tikatsekera sukulu, ena mwa ife timabwerera kwathu ku Migowi ndi laputopu imodzi yomwe banja lonse limakhala likuidikira. Momwemo muli ntchito za m'kalasi, zithunzi za ukwati wa achemwali, komanso FlightGear, pulogalamu yaulere yoyeserera kuyendetsa ndege. Mavuto sachedwa. Mng'ono wathu wasintha mabatani onse, msuweni wakweza kukongola kwa zithunzi mpaka laputopu ikuchita kutentha ngati mbaula, ndipo bandulo ya mwezi wathunthu yatha usiku umodzi. Mapeto ake timakangana, n'kuika pasiwedi yatsopano.

Ife tikuti kuwatsekera anawa si nzeru. Olakwa ndife, chifukwa timasiya pulogalamuyo ndi makonzedwe amodzi okha oti aliyense azigwiragwira.

Choyamba ndi kupatsa aliyense akaunti yake ya Windows. FlightGear imasunga zosankha za munthu mu foda ya akaunti yake, choncho zimene mng'ono wathu wasintha zimathera kwa iye yekha. Mwayi wina ndi woti sangafufute mwangozi ntchito yathu ya kusukulu.

Chachiwiri, ife eni ake tikhale ndi makonzedwe atatu. Oyamba ndi a kumudzi: zithunzi zotsika kuti batire lilimbe magetsi akathima, ndiponso TerraSync yotseka. TerraSync ndi mbali ya pulogalamuyi yomwe imatsitsa yokha mapiri, misewu ndi mabwalo a ndege pa intaneti pamene tikuuluka, ndipo ndi imene imadya bandulo mwakachetechete. Imatsekedwa ndi lamulo loti --disable-terrasync. Achiwiri ndi a kumene intaneti ili yabwino. Kumeneko tiyitsegule, tinyamuke pa Chileka polemba --airport=FWCL, tilowere kum'mawa mpaka Phiri la Mulanje, nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002 ndi Phiri la Michesi zitsitsidwe n'kusungidwa. Achitatu ndi oyeserera ndege zatsopano, kuti ina ikasokoneza zinthu, Cessna 172 yomwe timaphunzirira ikhalebe bwinobwino. Makonzedwe alionse tiwalembe m'kafayilo kakekake, ndipo timafayiloto tikopere pa fulashi.

Amene ali ndi X-Plane angakopere foda yonse ya pulogalamuyo n'kukhala nazo ziwiri, koma zimenezo zimadya malo ambiri pa laputopu zathu zakalezi. Kusunga padera foda ya preferences yomwe ili mkati mwa Output n'kokwanira.

Tikudziwa zomwe anzathu ena anene: khama lonseli chifukwa cha masewera? Funsolo n'lomveka, ndipo palibe amene analandirapo chiphaso choyendetsera ndege atakhala pa mkeka ku Migowi. Komabe za mumlengalenga sizilinso kutali nafe. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madironi ku Kasungu, ndipo mu 2020 kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa madironi. Ife a ku Phalombe tinaona tokha mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atadula misewu ndi milatho, kuti midzi ina thandizo linkaifikira kudzera mumlengalenga basi. Mwana amene akulimbana ndi mabatani athu lero mwina ndiye adzagwire ntchito yotere mawa. Tikamutsekera kunja, adzayambira pati?

Chimene iye ndi ife tingaphunzire pa laputopu ya pakhomo ndi mwambo wa ntchito. Woyendetsa ndege weniweni sanyamuka asanatsate mndandanda wa zoyenera kuona, ngakhale atauluka zaka 20. Nafenso tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi, tizilemba chomwe tasintha, ndipo tizisiya njira yobwererera. Ambiri tinatayapo ntchito ya sabata yathunthu chifukwa tinasunga fayilo yatsopano pamwamba pa yakale. Nthenda yake ndi yomweyi, mankhwala akenso ndi omwewa.

Tchuthi chisanafike, tipatule madzulo amodzi: titsegule maakaunti a abale athu, titsitsiretu mapiri akwathu, tikopere makonzedwe pa fulashi. Tikafika kunyumba, mng'ono wathu timuonetse akaunti yake ndi pomwe pali mabuleki, kenako timusiye anyamuke yekha pa Chileka.