Chikalata cha Madandaulo cha Alimi a m'Makopaletivi a Mtedza, Soya ndi Mpendadzuwa

Kwa Bwanamkubwa wa boma lino,
kudzera kwa mafumu ndi makhansala athu.

Bwana,

Ife amene tasaina ndi kudinda zala m'munsimu ndife alimi. Tinalembetsa makopaletivi athu motsatira lamulo la makopaletivi la 1998, ndipo masheya tinagula ndi ndalama za thukuta lathu. Boma litatiuza kuti mlimi akakhala payekha alibe mawu pa mtengo wa mbewu yake, tinamva, tinagwirana manja. Thandizo linabweradi, ndipo tikuthokoza: ena tili ndi nyumba zosungiramo mbewu, ena makina oswera mtedza ndi oyengera mafuta. Nafenso sitinapinde manja. Abambo anaumba ndi kuwotcha njerwa, amayi anatuta mchenga ndi madzi pamutu mpaka nyumba zinaima.

Kudandaula kwathu n'kwakuti ntchitoyi inasiyidwa panjira.

Bwerani mudzaone makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Akadali m'mapepala awo apulasitiki, akangaude atamangapo, chifukwa magetsi ofunika kuti azungulire sanafike. Mapolo anathera pamsika, thiransifoma palibe. Mlonda tikumulipira mwezi ndi mwezi kuti azilondera chitsulo chomwe sichinatulutsepo dontho la mafuta.

Chachikulu chimene chikupha makopaletivi ndi kusowa kwa mpamba wogulira mbewu. Membala akakolola mu Epulo kapena Meyi amakhala ali ndi ngongole ya feteleza, fizi ya mwana, mwinanso wodwala pakhomo. Akafika ndi matumba ake ku kopaletivi timamuuza kuti adikire wogula wamkulu apezeke. Venda ali pa mphambano ndi sikelo yake yokayikitsa, ndalama zili m'manja. Mtengo wake umatsika kuposa umene boma limalengeza chaka chilichonse, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sitingamude membala ameneyo. Nafe atsogoleri njala imatipeza chimodzimodzi. Mapeto ake nyumba yosungiramo mbewu imakhala pululu, wogula wamkulu akabwera amapeza matumba osadzaza ndi lole imodzi yomwe, ndipo sabweranso. Kubanki amafuna chikole chimene tilibe, chiwongola dzanja chakenso mlimi sangachithe. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama komwe tinasunga kanangosungunuka.

Za chiphaso cha ubwino wa katundu tizinenanso. Popanda chiphasochi chiponde ndi mafuta athu sizingalowe m'masitolo akuluakulu, koma kuyezetsa chuku mu mtedza kumafuna ulendo wa kutawuni ndi ndalama zambiri. Owerengera mabuku a chuma nawo safika chaka ndi chaka monga ziyenera kukhalira, ndipo pamene mabuku sakuonedwa, mamembala amayamba kukayikirana.

Choncho tikupempha kuti magetsi afike kulikonse kumene makina anaikidwa kale, boma lisanagawe makina ena. Pakhale thumba la ngongole ya chiwongola dzanja chochepa, lotuluka nthawi yokolola isanakwane, ndipo mbewu zili m'nyumba zathu zizilandiridwa ngati chikole. Masikelo a mavenda aziyenderedwa m'misika yakumudzi, osati pa boma pokha. Sukulu zogonera, zipatala ndi ndende za m'boma lino ziziyamba zafunsa kwa ife zisanakagule nyemba ndi mafuta kutali, ndipo zikagula zizilipira msanga. Alangizi a makopaletivi apatsidwe mafuta a njinga zamoto kuti azitifikira ndi kuphunzitsa alembi ndi asungichuma athu.

Masomphenya a Malawi 2063 akuika patsogolo ulimi wamalonda ndi mafakitale. Ife tili okonzeka kutsegula mabuku athu kwa aliyense amene mungamutume. Tikupempha kuti mutiyitane tidzakhale pansi pamodzi ndi akuluakulu a zaulimi, zamalonda ndi zamagetsi, mtedza wa chaka chino usanazulidwe.

Ndife anu,
Apampando, alembi, asungichuma ndi mamembala a makopaletivi a m'boma lino.