Chikhalidwe Sichikufera mu Thalauza la Amayi

Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anavula amayi pagulu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ati poteteza chikhalidwe chathu kwa Azungu. Bodza lamkunkhuniza! Ndi mwambo uti, wa Achewa, Atumbuka, Ayao kapena Alomwe, umene umalola mwamuna kuvula mkazi wa mwini pamsika? Kumudzi wotereyu akadamukokera kubwalo la mfumu n'kumulipitsa mbuzi.

Mtima umenewu sitinautengere kwa makolo. Unakula ndi lamulo la zovala la 1973, limene boma la Kamuzu Banda linaletsera amayi kuvala thalauza. Mwini lamuloyo ankavala suti ndi chipewa cha ku London, ndipo pasukulu yake ya ku Mtunthama anaikapo Chilatini ndi Chigiriki. Lamulolo linapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, koma m'mitu ya abambo ambiri likadalimo.

Ofuna kulira chikhalidwe, maliro ali kwina. Ku Nyumba ya Malamulo aphungu amakangana za feteleza ndi njala m'Chingerezi, chimene ambiri mwa owavotera sachimva. Woweruza amakhala m'khoti atavala wigi, agogo a mlandu wa munda akuyang'ana pakamwa pa womasulira kuti adziwe ngati malo a makolo awo apita. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira, kuyambira mwana wa Sitandade 1 amene sanachimvepo kunyumba. M'masukulu ena mwana akayankhula chinenero cha amayi ake amapatsidwa chibalo, ndipo makolo enafe timaombera m'manja kuti sukuluyo ndi yapamwamba. Ana a Chirasta ankabwezedwa m'masukulu a boma chifukwa cha tsitsi lawo, mpaka khoti lalikulu ku Zomba linaletsa nkhanzayo mu 2023.

Pa zonsezi munamva ndani akufuula mumsewu kuti Azungu atiwononga? Palibe. Kulimbana ndi nduna kapena mwini sukulu kumafuna chamuna. Kuzunza mtsikana padepoti n'kosavuta. Umenewo ndi mantha, si mwambo.

Abambo anzanga, asiyeni amayi avale zimene afuna. Mkwiyo wanuwo pitani nawo kwa phungu wanu, mukamufunse chifukwa chake sangakuyankhulireni m'Nyumba ya Malamulo m'chinenero chimene anakupempherani voti.