ANATIWERENGA KALE, TSOPANO ATIWERENGERE

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, a kuno ku Area 36 ndi inu a m'midzi ya mu msewu wa ku Bunda mpaka ku Mitundu:

Pali mawu amene amveka kawirikawiri pakati pathu tikayamba kukamba za chuma cha dziko. Wina aimirira nati, "Izo n'za ophunzira, ife tingolima." Ife a komiti tiwakana mawu amenewa, ndipo tifuna membala aliyense awakane. Pakuti mtengo wa thumba la feteleza, chimanga chimene Boma lisunga ku Kanengo, ndi mphamvu ya kwacha imene mayi wamanga pa chitenje, zonsezi ziyambira pa pepala limene katswiri wa zachuma analemba.

Taonani m'mene pepalalo liyendera. Anyamata ndi atsikana a ofesi ya chiwerengero ya ku Zomba, kapena a ku sukulu ya Bunda, afika pakhomo ndi mafunso. Munakolola matumba angati? Munadya kangati dzulo? Muli ndi mbuzi zingati? Ife tiwayalira mphasa, tiyankha. Mayankho athu apita ku Zomba, ku London, ku Washington, nasanduka lipoti la Chingerezi. Lipotilo aliwerenga Nduna ku Capital Hill, a Reserve Bank, ndi akazembe a mayiko otithandiza. Aliwerenga amalonda oitanitsa feteleza kuti adziwe matani oti agule, ndi a mabanki kuti adziwe woti amukongoze. Munthu mmodzi yekha saliona, ndiye uja anayala mphasa.

Ife sitinena kuti akatswiri ndi adani athu. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1982 akatswiri awiri, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, analemba poyera chimene makolo athu anangochimva m'thupi: kuti ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula fodya, thonje ndi mtedza wa mlimi wa kumudzi pa mtengo wotsika, ndipo phindu lake linkakakuza maesiteti ndi makampani a anthu akuluakulu. Ameneyo anali kafukufuku wotiyankhulira. Koma kodi ndani anabwera pabwalo kudzatiwerengera? Palibe.

Mankhwala amene anatsatira sitinafunsidwenso. Mu 1981 World Bank inatulutsa lipoti la Elliot Berg lonena kuti maboma a mu Africa achoke m'misika, malonda aziyenda okha. Chaka chomwecho Malawi anatenga ngongole yoyamba yokhala ndi malamulo otere. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo ADMARC inatseka misika ina. Pofika 1996 thandizo la Boma pa mtengo wa feteleza linali litachotsedwa. Papepala ananena kuti ogula akachuluka adzapikisana, mlimi adzalandira zambiri. Kumudzi kumene msewu uli woipa kunafika venda mmodzi ndi sikelo yake, ndipo munthu sapikisana ndi mwini yekha.

Mu 1998 akatswiri ena, Amalawi ndi alendo pamodzi, ataona kuti nthaka yatha mphamvu, anapangira Boma nzeru ya Starter Pack: makilogalamu 15 a feteleza, 2 a mbewu ya chimanga ndi mbewu pang'ono ya nyemba kapena mtedza, kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni. Zaka ziwiri zotsatizana dziko linakolola chimanga chochuluka. Koma otithandiza anati kupatsa aliyense nkuwononga ndalama, asankhidwe osaukitsitsa okha. Olandira anatsika kufika 1.5 miliyoni mu 2000, kenaka 1 miliyoni mu 2001.

Nthawi yomweyo nkhokwe za Boma zinali ndi chimanga choposa matani 160,000. Akatswiri anawerenga nati kusunga chochuluka chotero nkodula, matani 60,000 akwanira, ndipo bungwe la IMF linalangiza kuti china chigulitsidwe pobweza ngongole. Amene anagwira makiyi anagulitsa pafupifupi chonse. Mvula inavuta, ndipo mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Akulu a m'nthambi muno akumbukira madeya ndi zitsa za nthochi, akumbukiranso maliro. Pambuyo pake a IMF anati iwo sananene kuti chigulitsidwe chonse, a Boma anati iwo anangomvera malangizo. Wolangiza anasamba m'manja, wolangizidwa anasamba m'manja, manda anakumba ndi ife.

Apa ndi pamene pali mlandu wathu, abale. Katswiri akalakwitsa chiwerengero alemba lipoti lina. Nduna ikalakwitsa isamutsidwira ku unduna wina. Mlimi yekha ndiye alipira ndi nkhokwe yake, ndipo ndiye yekha amene safunsidwa pamene zinthu zikonzedwa.

Mlandu wachiwiri ndi wakuti olamula atola m'lipoti zowakomera, zina asiya. Mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene iye mwini anali katswiri wa zachuma, anakana uphungu wa otithandiza nayambitsa makuponi, thumba pa K950. Chimanga chinachuluka, ndipo ife tinayamika. Koma Professor Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College ndi mnzake Andrew Dorward wa ku London, amene anatsata makuponi zaka zambiri, anapezanso zina: kuti feteleza ankafika mochedwa, kuti makuponi ankapeza opezako bwino koposa osauka enieni, ndi kuti mu 2008/09 ndondomekoyi inadya K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya dziko. Mu 2011 Chirwa yemweyo, pamodzi ndi Jacob Ricker-Gilbert ndi Thomas Jayne, anapeza kuti pa makilogalamu 100 alionse a kuponi, 22 anali feteleza amene mlimi akanagula ndithu ndi ndalama zake. A ndale ananyamula mawu akuti chimanga chachuluka napita nawo pa nsanja. Otithandiza ananyamula mawu akuti ndalama zikuwonongeka napita nawo ku misonkhano yawo. Mawu akuti feteleza afike mvula isanagwe, amene ali mawu a mlimi, anatsala pansi.

Mu 2020 William Burke, Sieglinde Snapp ndi Jayne analemba za minda ya m'Chigawo chathu cha Pakati chino, kuti feteleza sabweza bwino m'munda umene wachedwa kupaliridwa ndiponso nthaka yake yaguga. Uwu ndi uthenga wa mwini khasu, wonena za manyowa, kasinthasintha wa mbewu ndi alangizi okwanira. Ndani wa inu anaumva m'chinenero chake? Chimene tinamva ndi mitengo yokha: K4,495 thumba mu 2020 pansi pa AIP kwa mabanja pafupifupi 3.8 miliyoni, K15,000 mu 2022, ndipo pofika 2024 olandira anatsala 1.1 miliyoni.

Feteleza agulidwa kunja ndi madola, chotero za kwacha n'zathunso. Mu November 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo patapita masiku ochepa IMF inavomera ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Akatswiri anati kwacha ikatsika madola adzabwerera m'mabanki. Mchere, sopo, mafuta ndi feteleza zinakwera sabata yomweyo, madola anasowabe, ndipo mu May 2025 mgwirizano uja unafa tisanalandire ngakhale theka la ndalamazo. Kodi alipo anabwera kudzatiuza pamene chiwerengero chinaphonyera?

Tsono tichitenji? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nthambi ino ifuna zinthu izi:

1. Lipoti lililonse lochokera m'mayankho a anthu a kumudzi lifupikitsidwe m'Chichewa ndi m'zinenero zina za dziko lino, liwerengedwe pa wailesi, ndipo ofufuzawo abwerere pabwalo la mfumu pamene anafunsira mafunso, tiwafunse nafenso.

2. Boma lisanasinthe makuponi, nkhokwe za chimanga kapena kwacha, linene poyera amene walilangiza, chimene ayembekeza, ndi amene adzapwetekeke. Chaka chikatha libwere ndi pepala lomwelo tiyerekeze.

3. Ife eni tiyankhe zoona. Tidziwa kuti ena abisa matumba ndi mbuzi poganiza kuti wofunsayo akulemba maina a makuponi. Bodza limenelo lilowa m'chiwerengero, chiwerengero chilowa m'bajeti, ndipo libwera kudzaluma mwana wa wonamayo.

4. Kalabu iliyonse ya alimi igule kope. Mlembi alembemo tsiku limene feteleza anafika, mtengo wake, tsiku lodzala, matumba okolola, ndi mtengo umene venda kapena ADMARC anapereka. Ana athu a Sitandade 8 adziwa kuwonkhetsa, atithandize. Ndandanda ya zaka zitatu yochokera m'midzi makumi awiri ndi kafukufuku ndithu, ndipo palibe katswiri angaunyoze.

5. Makope amenewa nthumwi zathu zipite nawo kwa Phungu wathu wa Nyumba ya Malamulo, ndiponso ku misonkhano imene Nduna ya Zachuma ichititsa bajeti isanalembedwe. Kumeneko a makampani ndi a mabanki sajomba. Mpando wa mlimi ndiwo ukhala wopanda munthu.

Ku Bunda si kutali, njinga ifika. Ku Capital Hill ndi minibasi ziwiri. Ambiri mwa akatswiri a masiku ano ndi ana a alimi, anaphunzira ndi ndalama za fodya ndi mtedza, ndipo sitikhulupirira kuti angakane kuyankhula ndi makolo awo titawaitana mwaulemu ndi mwamphamvu. Safunsa anadya phula, ndipo ife tadya phula lokwanira.

Pa msonkhano wa nthambi ukudzawu, wapampando wa kalabu iliyonse abwere ndi dzina la mlembi wake ndi kope m'manja. Amayi musatsale, pakuti amene adziwa tsiku limene ufa uthera m'nyumba ndinu.

Ufulu ndi chakudya!

MLEMBI WA NTHAMBI,
Area 36, Lilongwe.