Dimba lili ndi mwini, nanga madzi a pansi pake ndi a yani?

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda za makolo, lero tikambe za madzi amene sitiwaona ndi maso. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuti ndi chakuya chikaphwa. Zitsime za m'madimba a kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje zayamba kutiuza kuya kwake mwezi wa Okutobala usanathe, ndipo ine ndikuti mlandu wake tisaukankhire kumwamba kokha.

Ku Iran, dziko lachipululu, anthu akale anakumba ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa qanat. Ankayamba ndi chitsime chachikulu m'tsinde mwa phiri, kenako n'kuboola njira yopendekera pang'ono kuti madzi aziyenda okha mpaka ku minda, osaonana ndi dzuwa loti liwamwe. Ya ku Gonabad ndi yaitali makilomita oposa 30. Bungwe la UNESCO linaika ngalandezi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2016, monga linachitira ndi za ku Oman mu 2006. Chimene chimandigwira mtima ndi dongosolo lake: pamakhala munthu wosankhidwa, wotchedwa mirab, amene amagawa madzi powerenga nthawi. Mphindi zako zikatha, madzi amapita kwa mnzako ngakhale mbewu zako zikadali ndi ludzu.

Ife Achewa sitinaboole mapiri, chifukwa Chauta anatikumbira kale. Ngalande yathu ndi dambo. Mvula ya dzinja ikagwa kumtunda imalowa m'nthaka, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kunsi kwa minda mpaka kudambo, kumene dothi lamakande ndi mizu ya udzu zimaisunga. M'chilimwe munthu akakumba mita imodzi kapena iwiri amawapeza madziwo. Matimati, mpiru, repu, anyezi ndi mondokwa zimene mumaona pamsika wa Mitundu ndi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje zimamwa mvula imene inagwa mu Januwale. Madambo omwewo ndiwo amayamwitsa mitsinje ngati Diamphwe ndi Nanjiri mitambo itasowa.

Tsono dimba lili ndi mwini. Limayenda m'mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mkamwini n'kumalima pansi pa diso la mwinimbumba. Koma madzi a pansi sadziwa mpanda. Chitsime chako ndi cha mnansi wako zimamwa m'mbale imodzi. Ukazamitsa chako, chake chimatsika. Makolo ankadziwa zimenezi ngakhale sanapite ku Bunda. Pamene ndinali mnyamata, mtima wa dambo, pamene pali bango ndi chinyontho chosatha, sunkalimidwa. Mkuyu kapena katope wa pakasupe sunkaonana ndi nkhwangwa. Ng'ombe zinali ndi pomwera pake, ndipo chilimwe chikakula nyakwawa inkamema mudzi wonse kukachotsa matope m'chitsime. Ana tinkauzidwa kuti ukatungira mphika wamwaye chitsime chimauma. Aphunzitsi a sayansi aseke ngati afuna, koma chitsimecho chinkakhala chaukhondo.

Palinso lamulo lina limene silinkanenedwa ndi pakamwa. Linali la msana. Munthu wothirira ndi kheni amatopa madzi asanathe m'chitsime, ndipo akamapuma usiku chitsime chimadzadzanso. Kutopa kwa munthu ndiko kunali mirab wathu.

Njala ya 2002 ndi ya 2005 zitatikwapula, boma ndi mabungwe analimbikitsa ulimi wa m'chilimwe, ndipo mathiredo pampu anafika m'midzi yambiri. Zinathandiza, sindikana, mabanja ambiri anadya chimanga chadimba pamene nkhokwe zinali pululu. Pambuyo pake kunabwera mapampu a injini, ndipo tsopano kuli a dzuwa. Awa satopa. Wokhala ndi ndalama amapopa m'mawa umodzi madzi amene mayi wamasiye akanathirira nawo sabata yathunthu, ndipo mayiyo akafika ndi kheni lake amapeza matope. Akadandaule kwa yani? Mwini pampu amayankha kuti chitsime chili m'dimba mwake, ndipo pamaso pa anthu akunena zoona.

Onjezanipo bulugama wodzalidwa m'mphepete mwa madambo, maenje a oumba njerwa zomangira mzinda wa Lilongwe, malole a mchenga, ndi khasu lofika pamlomo penipeni pa mtsinje. Mvula ya El Niño itavuta mu 2024, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo aliyense anathamangira kudambo. Dambo lodwala kale linasenzetsedwa mudzi wonse.

Ena adzati malamulo alipo, ndipo n'zoona: Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la ulimi wamthirira mu 2001 ndi la madzi mu 2013. Koma wogwira ntchito m'boma sangagone padambo lililonse la kwa Chiseka ndi kwa Chadza. Amene amadziwa kuti pampu ya uje inalira usiku wonse ndi nyakwawa ndi anthu ake. Mafumu athu amaweruza milandu ya malire a madimba chaka ndi chaka. Chowaletsa n'chiyani kuweruzanso za madzi a pansi pa malirewo?

Maganizo anga ndi akuti dambo lililonse likhale ndi bwalo lake mwezi wa Meyi, anthu asanayambe kufesa. Pabwalopo agwirizane masiku a eni mapampu ndi masiku a eni makheni, aike malire a mtima wa dambo, ndipo asankhe munthu mmodzi woyang'anira, makamaka mayi wachikulire, pakuti amayi ndiwo amayamba kuona chitsime chikamatsika. Wophwanya pangano alipe mbuzi monga mwa mwambo. Mwini pampu asaone ngati tikumuchitira nsanje. Madzi akatsika kupyola pamene paipi yake imafika, nayenso adzanyamula kabichi wofota kupita naye ku Mitundu. Bulugama amene ali pakasupe adulidwe chaka chino, eni ake apatsidwe mbande za mkuyu ndi katope, ndipo zidzalidwe mvula ikakhazikika mu Disembala.