Katundu Wodula Akawonongeka Ali Watsopano

M'chaka cha 2020 kampani ya Colt ya ku America idatulutsanso volovolo yake yotchuka, Python, pa mtengo wa madola 1,499. Posakhalitsa ogula ena adadandaula kuti gudumu lonyamula zipolopolo silinkazungulira bwino. Kampaniyo idavomera, nilandiranso mfutizo kufakitale kuti zikonzedwe.

Nanga mphunzitsi wa ku Zomba, amene watha malipiro a mwezi wathunthu pogula njinga kapena foni, angaibweze kuti ikavuta? Fakitale ili kutsidya kwa nyanja. Lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo ndithu, koma popanda lisiti mwini sitolo angathe kungomukana maso ali gwa. Tsono amalonda a m'tauniyi ayenera kulemba papepala miyezi ya galanti, ndi dzina la amene adzakonze katunduyo, wogula asanatulutse ndalama m'thumba.